Galimoto ikamakana mwiniwake

Magalimoto ambiri amene tikuyendera muno mu Harare anachokera ku Japan atagwirako kale ntchito, ndipo ochuluka anafika ndi kiyi mmodzi yekha. Honda Fit, Toyota Wish, Sienta, Aqua, Nissan Note, onsewa timakawalandira pa Chirundu kapena pa Beitbridge, apo ayi timagula kwa munthu amene wayendetsa kale zaka zingapo. Za kiyi wachiwiri sitifunsa. Timadzamukumbukira m'mawa wina titakhala pampando, tapotokola kiyi, sitata ikuzungulira bwinobwino, mafuta alimo, koma injini osagwira. Pa dashibodi kanyale kakang'ono kakuphethira. Oyandikana nawo nyumba afika kale, wina akuti ndi batire, wina akuti ndi pampu ya mafuta, wina wavula kale jekete kuti tikankhe.

Vuto limeneli limadya ndalama zambiri kuposa kukula kwake, ndipo zimandiwawa kuona anthu a ku Mufakose, ku Mabvuku ndi ku Epworth, amene galimotoyo ndiyo imawadyetsa, akuwononga ndalama ya mwezi wathunthu pa chinthu chosafunika n'komwe kugula sipeya. Gwero lake n'lakuti tikamati "galimoto yadzitseka" timaphatikiza zinthu zitatu zosiyana kotheratu. Pali immobiliser, kachipangizo koletsa injini kulira ndi kiyi wachilendo, imene anaika kufakitale. Pali alamu, anti-hijack (yozimitsa galimoto ikalandidwa) kapena tracker (yolondola kumene galimoto ili) zimene wina anadzaika galimoto itafika kale kuno. Ndiye pali loko ya chiwongolero. Wosokoneza zitatuzi amakagula computer box, kutanthauza kompyuta ya injini, ku Kaguvi Street pamene vuto linali kawaya kamodzi kopotedwa ndi manja pansi pa dashibodi, kapena amalola mnyamata wa pulayazi kudula mawaya a galimoto imene inkangofuna kabatire ka rimoti.

Tiyambe ndi ya kufakitale, chifukwa ndiyo anthu saimvetsa. Mano a kiyi ntchito yake n'kutembenuza loko basi. Chimene chimaloleza injini kulira chabisika m'mutu wapulasitiki wa kiyiyo. M'menemo muli kachip kokwana pa chikhadabo, kena kagalasi kobulungira, kena kakuda kaphanthiphanthi, ndipo kalibe batire. Pozungulira bowo lolowetsapo kiyi pali mkombero wapulasitiki wokhala ndi koyilo ya waya woonda kwambiri. Mukatembenuza kiyi, koyiloyo imatulutsa mafunde a 125 kHz kapena kuyandikira pamenepo, mafundewo amapatsa kachip mphamvu, ndipo kamayankha ndi nambala yake. Kabokosi ka immobiliser kamayang'ana ngati nambalayo ili pa mndandanda umene kanasunga. Ikakhalapo, kamauza kompyuta ya injini kuti ipereke mafuta ndi moto wa mapulagi. Zonsezi zimatha sekondi isanakwane. M'magalimoto atsopanoko nambala yokha sikwanira: galimoto imafunsa funso losiyana ulendo uliwonse, ndipo kachip kamawerengera yankho lake pogwiritsa ntchito chinsinsi chimene awiriwa anapatsidwa. Ali ngati mlonda wa pageti amene sayang'ana nkhope, amangomvera mawu achinsinsi. Ngakhale mukhale mwininyumba, mawuwo akapanda kumveka bwino geti silitseguka.

Nzeru imeneyi si yachilendo. Kampani ya General Motors inaika kachidutswa koyeza magetsi pa kiyi wa Corvette mu 1986, ndipo ku Germany ndi ku Britain lamulo linayamba kukakamiza kuti galimoto yatsopano iliyonse ikhale ndi immobiliser mu 1998, ku Australia mu 2001, ku Canada mu 2007. N'chifukwa chake galimoto yochokera ku UK, kaya ndi Mercedes-Benz, Volkswagen kapena Ford, muziiwerengera kuti ili nayo. Koma magalimoto opangidwira msika wa ku Japan komweko, makamaka akale ndi otsika mtengo, ambiri analibe. Apa ndi pamene pamachokera mkangano wa pamalo oimika magalimoto. Mnzanu ali ndi Fit, anadulitsa kiyi pakona ndipo akulizira galimoto mpaka lero. Inunso mwadulitsa pomwepo, kiyi akutsegula chitseko, akutembenuka, nyale zonse zayaka, koma injini yakana. Wodula makiyi sanalakwitse mano. Galimoto yanu imafuna chip, ya mnzanuyo sifuna.

Chinthu choyamba kuyang'ana, musanatsegule n'komwe boneti, ndi kanyale kaja. Pa Toyota kamaphethira pang'onopang'ono galimoto ikakhala itazimitsidwa kiyi atachotsedwa, ndipo zimenezo si vuto, ndi mmene kamagwirira ntchito. Mukalowetsa kiyi wodziwika kayenera kuzima. Kakapitiriza kuphethira kiyi ali mkati, galimoto sinamuzindikire. Pa Honda kanyaleko n'kobiriwira, kojambulidwa kiyi: kamayaka pang'ono n'kuzima ngati zonse zili bwino, koma kamaphethira osaleka ngati kiyi wakanidwa. Pa Nissan, amene dongosolo lawo amalitcha NATS, kanyale kofiira kamangoyaka osazima kiyi ali pa ON. Pa Ford, amene lawo ndi PATS, kamathwanima mofulumira. Kanyale kakazima mwa nthawi zonse koma injini osalira, ikani kaye pambali nkhani ya immobiliser, mufufuze mafuta, moto ndi mafyuzi.

Chachiwiri ndi khutu. Kukana kulira kulipo kwa mitundumitundu. Sitata ikamazungulira mwamphamvu koma injini osagwira, kanyale kakuphethira, ndiye chizindikiro chenicheni cha immobiliser pa Toyota, Honda ndi Nissan zambiri. Injini ikagwira n'kuzima pakatha sekondi imodzi kapena ziwiri, mobwerezabwereza, ndi khalidwe lodziwika la Volkswagen ndi Audi zikakana kiyi. Mukamva kuti tekete-tekete-tekete mofulumira, nyale za pa dashibodi zikufooka, limenelo ndi batire kapena mitu yake. Kukakhala zii, osamveka kanthu, kungakhale giya imene sinakhale bwino pa P, switchi ya buleki, sitata yeniyeniyo, alamu yoikidwa kuno, kapena galimoto ya mtundu umene immobiliser yake imatsekanso sitata.

Ndikuumirira pa batire ngakhale nkhani yathu ndi ya zoletsa akuba, chifukwa batire lofooka limanamizira immobiliser kawirikawiri. Batire lodzaza bwino limaonetsa mavolti 12.6 galimoto itazima. Likatsika kufika pa 12.0 ndiye kuti latha mphamvu kwambiri, ndipo pamene sitata ikukoka silifunika kutsika kupitirira 9.6. Likagwa kuposa apo timabokosi ta magetsi timasokonezeka pakati pa kufunsana kuja, yankho la kiyi limatayika, kanyale n'kuyamba kuphethira ngati kiyi ndi wachilendo. Zoterezi zimachuluka m'mamawa ozizira a June ndi July. Yang'anani mitu ya batire. Ngati pali ufa woyera kapena wobiriwira, kapena mutu ukutembenuka ndi dzanja, tsukani ndi kumanga kaye musanaganize china chilichonse. Mukamalumikiza batire la galimoto ina, onetsetsani kawiri kuti chofiira chapita ku chofiira. Kusinthanitsa mawaya amenewo kwa kamphindi kochepa kumaotcha mafyuzi akuluakulu, nthawi zina ndi kompyuta yomwe, ndipo vuto laling'ono lija limasanduka lenileni.

A Toyota Aqua amve bwino apa. Galimoto imeneyi ilibe sitata yoti muimve. Imangolemba READY pa dashibodi. Kuwonjezera pa batire lalikulu la hybrid, ili ndi batire laling'ono la mavolti 12 pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo ndi limeneli limene limadzutsa makompyuta ndi kumvetsera kiyi. Likafooka, READY sabwera, nyale zimachita zosadziwika, ndipo mwini galimoto mtima umagwa poganiza kuti batire lalikulu lafa. Yezetsani laling'onolo kaye.

Kukankha sikuthandiza. Ngati kompyuta yakana kupereka mafuta, mungakankhe kuchoka ku Mbare Musika kukafika ku Highfield injini osagwira. Ndipo galimoto ya otomatiki, monga ambiri a ku Japan, silira ndi kukankha ngakhale ilibe vuto la kiyi.

Tsopano kiyi mwiniwakeyo. Bambo wina wa kumpingo kwathu anakoketsa Wish yake mpaka ku Gazaland atauzidwa kuti kompyuta yapsa. Wa zamagetsi amene anamupeza kumeneko sanatsegule boneti. Anapempha kiyi, n'kumutembenuza m'manja. Mutu wake unali womangidwa ndi tepi yakuda, yomata kale chifukwa cha thukuta ndi dzuwa. Anafunsa kuti, "Bambo, kiyi ameneyu anagwapo?" Iwo anavomera kuti anagwa pa simenti dzulo lake madzulo, anang'ambuka pawiri, ndipo mwana wawo anamuphatikiza n'kumumanga. Atamasula tepi, pakona ya chikhokhombe panali kamphako kopanda kanthu. Anaimbira foni kunyumba, amayi anasesa pakhonde mosamala, ndipo kachip kanapezeka mumng'alu wa simenti pafupi ndi chitseko. Galimoto inalira tsiku lomwelo. Ndalama imene inapita ndi yokokera ija.

Zotere zimachitikanso munthu akagula chikhokhombe chatsopano cha kiyi. Amasamutsa mabatani a rimoti ndi chitsulo cha mano, chakalecho n'kutaya, osadziwa kuti kachip katsalira m'menemo, nthawi zina komatidwa ndi guluu. Musataye chikhokhombe chakale galimoto isanalire ndi chatsopano. Dziwaninso kuti pa kiyi wolowetsa, rimoti ndi chip n'zinthu ziwiri. Kabatire ka rimoti kakatha zitseko sizitseguka patali koma injini imalira. Rimoti ikhozanso kumagwira bwino pamene chip yafa. Ndipo ngati pa mphete imodzi mwamangirira makiyi a magalimoto awiri, onse a chip, amatha kuyankha nthawi imodzi n'kusokonezana. Chotsani ena onse, muyese kiyi ali yekha.

Magalimoto odina batani ali ndi kachitidwe kawo. Kiyi wake amadalira kabatire kobulungira ka mavolti 3, kawirikawiri CR2032 kapena CR1632, nambala yake yalembedwa pamwamba pake. Kakafooka, galimoto imalemba kuti sikuona kiyi, ndipo popeza imalemba m'Chijapanizi ambiri amangoona zilembo zosawerengeka n'kuchita mantha. Lozani kamera ya foni pa uthengawo ndi Google Translate, mudziwe chimene ikunena. Opanga anakonzeratu njira yopulumukira. Mkati mwa rimoti muli kakiyi kachitsulo kotsegulira chitseko. Mukalowa, pondani buleki, gunditsani rimotiyo pa batani lolizira, kenako dinani. Pa Toyota gunditsani mbali imene ili ndi chizindikiro cha kampani. Zimatheka chifukwa kuseri kwa batanilo kuli koyilo yonga ija ya kiyi wolowetsa, ndipo imapatsa kachip mphamvu ngakhale kabatire katatheratu. Pa Nissan zakale zokhala ndi chopotokola m'malo mwa batani, monga Note ndi March zina, kakiyi kachitsuloko kamalowa pa chopotokolacho. Batani likamangoyatsa nyale osaliza injini, uzani munthu aime kumbuyo aone ngati nyale za buleki zikuyaka mukaponda. Zikapanda kuyaka, galimoto sikudziwa kuti mwaponda buleki, ndipo vuto ndi kaswitchi kotchipa kamene kali pamwamba pa chopondera.

Ngati muli ndi kiyi wachiwiri, mayeso onse amafupika. Wachiwiriyo akaliza, vuto ndi kiyi woyamba. Onse awiri akakanidwa, vuto lili m'galimoto: fyuzi, koyilo ija, pulagi yake imene imamasuka munthu akamakonza loko kapena kuika wailesi, mawaya odyedwa ndi makoswe, kapena madzi. Nyengo ya mvula, kuyambira November, madzi olowera pa galasi lakutsogolo lomatidwa molakwika amadonthera pa mabokosi a pansi pa dashibodi. Gwirani kapeti ya kumapazi, ikakhala yonyowa muuze makaniko.

Musamangobwereza kuliza ndi kiyi amene akukanidwa. Nissan ikayesedwa kasanu motsatizana ndi kiyi wosadziwika imadzitsekeratu, moti ngakhale mubweretse kiyi wake weniweni sivomera msanga. Pa intaneti mupezanso malangizo akuti siyani kiyi pa ON mphindi 10, muzimitse, mubwereze katatu. Njira imeneyo ndi ya magalimoto ena a General Motors a ku America. Pa Fit kapena Wish chimene mungapindule n'kumaliza batire.

Ndifike pa chinthu chimene ndikuona kuti chimaimitsa magalimoto ambiri muno kuposa immobiliser ya kufakitale: zoikidwa pambuyo. Poopa akuba, ndipo mantha ake ndi omveka chifukwa Honda Fit ndi imodzi mwa galimoto zimene amazisaka kwambiri, eni ake amaikitsa alamu, anti-hijack, tracker kapena kaswitchi kobisika. Zonsezi zimagwira ntchito mwa njira imodzi. Woika amadula waya wa pampu ya mafuta, wa moto kapena wa sitata, n'kuikapo relay, kaswitchi koyendetsedwa ndi magetsi, pakati. Chidacho chikalola, relay imalumikiza. Chikakana kapena chikafa, wayayo amakhala wodukabe. Ya kufakitale inayesedwa pa kutentha, kugwedezeka ndi chinyezi. Yoikidwa m'mbali mwa msewu nthawi zambiri imalumikizidwa popota mawaya ndi zala n'kukulunga tepi. Mukagwada n'kusuzumira pansi pa chiwongolero ndi tochi mudzaona kabokosi kakuda kolendewera, mawaya amitundu yosagwirizana ndi ena onse, tepi itayamba kusomphoka, mkuwa utada. Misewu yathu ndi maenje ake imagwedeza mfundo zimenezi tsiku ndi tsiku mpaka imodzi imasiya.

Zizindikiro zake n'zosiyana ndi za kufakitale. Kanyale ka kufakitale kamazima bwinobwino, kusonyeza kuti kiyi walandiridwa, koma galimoto osalira. Maindiketa amathwanima okha, kapena sairini imalira mwakachetechete pansi pa boneti. Vuto limabwera ndi kupita: lero yakana, mwagogoda pansi pa dashibodi yalira. Ndipo chachikulu, galimoto ikazima ikuyenda, pakapita kanthawi chitsekulireni chitseko, ganizirani anti-hijack imene ikudikira kuti mudine kabatani kake kobisika. Immobiliser ya kufakitale imafunsa polizira, sizimitsa galimoto pakati pa Seke Road. Ma tracker ena amathanso kuzimitsidwa patali ndi amene ali ndi akaunti yake. Choncho pogula galimoto kwa munthu, mufunseni kuti, "Achimwene, munaikitsamo chiyani, kabatani kali pati, tracker ili m'dzina la ndani?" Nthawi zina mupeza kuti m'galimoto imodzi muli ma alamu awiri, ya mwini woyamba imene rimoti yake inasowa kalekale ndi ya mwini wachiwiri yoikidwa pamwamba pake. Alamu yakufa ichotsedwe yonse ndi wa zamagetsi wodziwa ntchito, waya aliyense abwezeretsedwe pa mnzake ndi mtovu, osati kupota. Ndipo ngati mukuikitsa yatsopano, imani pomwepo muone pamene akudula, mujambule ndi foni.

Loko ya chiwongolero njosavuta pa galimoto ya kiyi wolowetsa. Mukaimika matayala atakhota, kapena atatsamira mwala wa m'mbali mwa msewu, loko imapanikizika ndipo kiyi satembenuka. Gwedezani chiwongolero uku ndi uku kwinaku mukupotokola kiyi mofatsa. Osakakamiza, kiyi amathyokera mkati. Pa magalimoto a batani, ndi ena a kiyi wolowetsa, loko imeneyi ndi yamagetsi, ili ndi kamota kake, ndipo kakafa galimoto siyatsa n'komwe. Eni Mercedes-Benz C-Class ya W204 amalidziwa vutoli: mulowetsa kiyi, kaphokoso ka loko kosamveka, dashibodi zii. Imeneyo ndi ntchito ya katswiri.

Palinso vuto limene timadzipangira tokha pogula masipeya. Computer box ikafadi, kapena munthu akasintha injini n'kutenga ndi kompyuta yake, amadabwa kuti bokosi la nambala zofanana ndendende silikuliza galimoto. Bokosilo linalumbira kale ku kiyi wa galimoto ina. Kompyuta ya injini, kabokosi ka immobiliser ndi kiyi zimayendera limodzi, ndipo pa Volkswagen zambiri immobiliser ili mkati mwa wotchi za pa dashibodi, moti kusintha wotchizo kokha kumaimitsa galimoto. Pogula za kaunjika ku Kaguvi kapena ku Magaba, gulani zonse zochokera m'galimoto imodzi pamodzi ndi kiyi wake, apo ayi mugwirizane kaye ndi munthu wa makina amene adzaziphunzitse kudziwana. Funsani zimenezi ndalama zisanachoke m'thumba, chifukwa zamagetsi ogulitsa ambiri salola kubweza.

Za makina oyezera, amene tonse timangoti dayagonosisi. Galimoto imasunga chifukwa chimene yakanira, ndipo nambala zake zimalankhula momveka. P0513 akutanthauza kiyi wolakwika. Pa Nissan, P1610 ndi kudzitsekera kuja, P1614 ndiye kuti kabokosi sikakumva kiyi, pamene P1615 ndiye kuti kamumva koma sikakumudziwa. Kusiyana kwa ziwiri zomalizazi n'kofunika: yoyamba imakutumizani ku koyilo kapena ku chip yakufa, yachiwiri ku kulembetsa kiyi. Pa Toyota, B2799 amaloza kusamvana pakati pa immobiliser ndi kompyuta ya injini. Timakina totchipa tolumikiza ku foni timawerenga za injini zokha, ndipo magalimoto ena akale a msika wa ku Japan satiyankha n'komwe, choncho mawu akuti "makina sakuonetsa kanthu" asakutsimikizireni kuti kulibe kanthu. Muli ndi ufulu wopempha kuona sikirini ndi kujambula nambalazo asanazifufute. Makaniko amene akunena kuti kompyuta yapsa asanayeze batire, asanayang'ane mafyuzi, asanagwire kiyi wanu, mupempheni mwaulemu kuti ayambe wachita zimenezo. Kompyuta ya injini ndi chimodzi mwa zinthu zimene sizifa wambawamba.

Padzapezeka wina wokuuzani kuti tingoichotsa immobiliser, mavuto athe. Amachita m'njira ziwiri. Ena amalembanso kompyuta kuti isiye kufunsa. Ena amachotsa chip m'kiyi n'kuimata pafupi ndi koyilo kuti iziyankha nthawi zonse, kenako n'kukudulirani makiyi wamba. Ndikumvetsa chifukwa chake anthu amavomera: galimoto ya mushikashika (yonyamula anthu ngati takisi) kapena ya maoda ikagona tsiku limodzi, kunyumba kulibe ndiwo. Pa galimoto yakale kwambiri imene masipeya ake sakupezekanso, mwina palibe njira ina. Koma mudziwe chimene mwagula. Kuyambira tsiku limenelo aliyense wokhoza kupotokola loko akhoza kupita nayo, ndipo amene wagwira ntchitoyo ndi anzake akudziwa. A inshuwalansi nawonso angakufunseni za zimenezi galimoto ikabedwa. Kwa ine, kuchotsa chitetezo chimene chinapangidwa bwino kufakitale kenako n'kukaikitsa alamu yopota mawaya n'kutaya chabwino n'kutola choipa.

Chimene ndikupempha aliyense amene ali ndi kiyi mmodzi n'chakuti apangitse wachiwiri pamene woyambayo akugwirabe ntchito. Kiyi wamoyo akakhalapo, wodula makiyi wokhala ndi makina amakopera chip kapena kulembetsa watsopano m'kanthawi kochepa, galimoto mutapita nayo nokha. Onse akatayika kapena kufa, ntchito imakula kangapo: galimoto ikokedwe kapena katswiri abwere pomwe yaima, loko iwerengedwe kuti mano adulidwe, ndipo pa Toyota zina zakale amachita kumasula bokosi n'kulemba mwachindunji m'kachip kake kosunga nambala za makiyi. Pa Toyota zimenezi palinso kusiyana pakati pa kiyi wamkulu, amene nthawi zambiri amakhala wakuda, ndi wotuwa amene amangoliza galimoto koma salola kulembetsa wina. Ngati amene muli naye ndi wotuwa, fulumirani kwambiri.

Pogula rimoti samalani ndi kumene yachokera. Za magalimoto a msika wa ku Japan zimalankhula pa mafunde a pakati pa 312 ndi 315 MHz, pamene za ku South Africa ndi ku Ulaya zili pa 433 MHz. Rimoti imene mbale wanu wakutumizirani kuchokera ku Johannesburg ingafanane ndi yanu ndendende koma galimoto osaimva. Kiyi wa batani amene analembetsedwapo ku galimoto ina nthawi zambiri salembetsekanso mpaka atafufutidwa ndi makina. Pitani ndi buku la galimoto ndi chitupa chanu. Wodula makiyi akakufunsani mapepala musakwiye, ameneyo ndiye woyenera kumukhulupirira, chifukwa sangapangirenso munthu wina kiyi wa galimoto yanu. Ngati kiyi wakale anabedwa, muuzeni amufufute pa mndandanda wa galimoto kuti asadzalizenso.

Musanalipire, yesani kiyi watsopano pa chilichonse: chitseko, rimoti, injini. Pa galimoto ya batani, perekani kiyi wakale kwa munthu apite naye kutali ndithu, kunja kwa garaja, chifukwa akakhala m'thumba mwanu galimoto imamva iyeyo n'kulira, inu n'kuganiza kuti watsopano walembetsedwa. Zimitsani, dikirani pang'ono, lizaninso kawiri. Kenako kiyi mmodzi akakhale kunyumba pamalo ouma, kwa munthu amene angakubweretsereni mukamuimbira, osati m'kabokosi ka pa dashibodi.